Musanafufute Windows: Malangizo kwa Oyamba Kugwiritsa Ntchito Linux

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, ndipo makompyuta ambiri akale amene timagula ogwiritsidwapo kale ntchito sangalandire Windows 11. N'chifukwa chake aphunzitsi ndi eni maofesi ang'onoang'ono ena akuganiza zosamukira ku Linux, dongosolo lina loyendetsera kompyuta, makamaka mitundu yake ya Ubuntu kapena Linux Mint, zomwe munthu amazitenga pa intaneti popanda kulipira. Ganizoli ndi labwino, koma ndikupemphani kuti musafufute kanthu musanatsimikize kuti zida zonse za kompyuta yanu zikugwira ntchito ndi dongosolo latsopanoli.

Poyamba koperani mafayilo anu onse n'kuwasunga kwina. Kenako ikani Ubuntu pa fulashi ya 8 GB kapena kuposerapo, ndipo musankhe mtundu wolembedwa kuti LTS, womwe umatuluka mu Epulo pakatha zaka ziwiri zilizonse n'kumasamalidwa kwa zaka zisanu. Mukayatsa kompyuta kudzera pa fulashiyo, mudzapatsidwa mwayi woyesa dongosololi lisanakhudze chilichonse chomwe chili m'kompyutamo. Apa m'pofunika kudekha. Lumikizani Wi-Fi, lizani nyimbo pa kompyutayo kuti mumve ngati mawu akutuluka, onjezerani ndi kuchepetsa kuwala kwa sikirini, ndipo ngati muli ndi pulinta, isindikize tsamba limodzi pomwepo. Mlimi wanzeru amayamba wayesa mbewu yachilendo pa mizere yochepa asanadzaze nayo munda wonse.

Chida chimene chimavuta kawirikawiri ndi Wi-Fi, makamaka pa malaputopu okhala ndi kachipangizo ka Broadcom. Izi zikachitika musataye mtima. Lumikizani foni yanu ndi chingwe cha USB, yatsani USB tethering kuti kompyuta ipeze intaneti kudzera pa foniyo, kenako tsegulani Additional Drivers mu Ubuntu kapena Driver Manager mu Mint kuti muike pulogalamu yoyendetsera chidacho. Mukafuna kudziwa dzina lenileni la chida chomwe chikukana, tsegulani terminal, pulogalamu yolemberamo malamulo a kompyuta, ndi kulemba lspci kapena lsusb, chifukwa wokuthandizani aliyense adzayamba wakufunsani dzinalo. Poika dongosololi, onetsetsani kuti batire ladzaza, pakuti magetsi akathima ntchito ili pakati mungafunike kuyambiranso.

Nkhani ina ndi ya mapulogalamu olembera. Makalata ndi malipoti mudzalemba mu LibreOffice Writer, koma tsiku lina mudzafunika kukonza fayilo ya dongosolo lenilenilo, ndipo mafayilo otere amafuna pulogalamu yolemba mawu okhaokha opanda zokongoletsa. Kwa woyamba ndimalimbikitsa nano, chifukwa malamulo ake amaoneka m'munsi mwa sikirini. Kachizindikiro ka ^ komwe mudzaone pamenepo kakuimira batani la Ctrl, choncho kusunga ndi Ctrl ndi O, ndipo kutuluka ndi Ctrl ndi X.

Pulogalamu ina yotere ya vi, yomwe Bill Joy anailemba mu 1976, ndi yamphamvu kwambiri, koma imasokoneza alendo chifukwa ikangotseguka, mabatani anu imawamva ngati malamulo osati ngati zilembo. Simukukakamizidwa kuiphunzira tsopano, komabe muyenera kudziwa potulukira, popeza imapezeka pafupifupi pa makina onse a Linux ndipo mapulogalamu ena amaitsegula okha. Dinani i kuti muyambe kulemba, dinani Esc mukamaliza, ndipo lembani :wq kuti musunge ndi kutuluka. Mukaona kuti mwasokoneza zinthu, dinani Esc ndi kulemba :q! kuti mutuluke fayilo ili monga munaipezera.

Musanakhudze fayilo iliyonse ya mu /etc, momwe mumasungidwa mafayilo a dongosolo, pangani kope lake ndi lamulo la cp, ndipo musalembe sudo patsogolo pa lamulo lomwe simukulimvetsa, ngakhale mutaliona pa intaneti, chifukwa sudo imapatsa lamulolo mphamvu zosintha kapena kufufuta chilichonse m'kompyutamo popanda kukufunsaninso.