Kupereka maganizo pa liwiro ndi mtengo wa intaneti: pitani ndi manambala

MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga m'dziko muno, ikaitanitsa maganizo a anthu pa nkhani za intaneti, makampani amapita ndi akatswiri awo ndi zikalata zonenepa. Wogula wa ku Chipoka kapena ku Khombedza m'boma la Salima amangoti "netiweki kuno ndi yovuta", ndipo mawu amenewa sasintha kanthu m'ndondomeko. Chimene chimamveka ndi umboni wolembedwa, ndipo foni yanuyo ndi yokwanira kuusonkhanitsa.

Yambani ndi kuyeza liwiro. Ikani pulogalamu yoyezera liwiro ya Speedtest kapena tsegulani tsamba la fast.com, muzimitse Wi-Fi ndi hotspot, muimitsenso zonse zimene zikudawuniloda. Yezani muli malo amodzimodzi katatu pa tsiku kwa masiku 7: m'mawa cha m'ma 6, masana, ndi usiku cha m'ma 8 pamene aliyense ali pa WhatsApp ndi Facebook. Nthawi iliyonse lembani m'kope tsiku, nthawi, download, upload, ping, ndi chilembo chimene chili pakona pa foni, kaya 4G, H+ kapena E. Jambulaninso screenshot. Ngati muli ndi layini ya Airtel ndi ya TNM, yezani onse awiri motsatizana.

Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Bandulo ya WhatsApp yokha siyendetsa Speedtest. Foni imene imalekezera pa 3G siingakuuzeni za 4G. Nyumba ya malata imafooketsa siginolo, choncho yezani kamodzi mkati, kamodzi pakhonde, mulembe zonse ziwiri. Magetsi a ESCOM akazima, lembaninso: nsanja ya netiweki imadalira mabatire kapena jenereta, ndipo netiweki ikamagwa pakapita maola angapo chizimireni magetsi, imeneyo ndi mfundo payokha. Musasokonezenso Mbps, muyezo wa liwiro, ndi MB, muyezo wa kuchuluka kwa data: 8 Mbps ndiye 1 MB pa sekondi. Kuyezako kumadya data. Pa liwiro la 10 Mbps, masekondi 10 amatha 12.5 MB, ndiye patulani pafupifupi 500 MB ya sabata yonseyo.

Mmene manambala akuonekera mpamene pali nkhani. Liwiro likakhala bwino m'mawa nkugwa usiku, nsanjayo yachulukidwa anthu. Likakhala lotsika usana ndi usiku pamene siginolo ili ndi timizere tiwiri, vuto ndi kutalikira nsanja. Awa ndi matenda awiri osiyana, mankhwala akenso ndi osiyana. Ku Senga Bay yezaninso Loweruka, alendo a ku Lilongwe atadzaza kunyanja.

Mtengo uwerengeni pa GB imene mwagwiritsadi ntchito. Tiyerekeze kuti bandulo ya 2 GB mwagula K3,000, koma yatha masiku mutagwiritsa 1.2 GB yokha chifukwa masamba samatseguka. Pamenepo GB imodzi mwaigula K2,500, osati K1,500. Onjezani mayunitsi amene anadyedwa bandulo itatha osazindikira.

Polemba kalata ya maganizo anu, tsatani manambala a mafunso amene ali m'chikalata cha MACRA, ndipo tsiku lomaliza lisakupitirireni. Tchulani mudzi, T/A ndi msika wapafupi. Pemphani zinthu zogwirika: kuti liwiro lochepetsetsa lilembedwe m'ndondomeko ndipo liziyezedwa boma ndi boma, chifukwa avereji ya dziko lonse imakwezedwa ndi Blantyre ndi Lilongwe, kuti data yotsala izipitirira ku bandulo yotsatira, kuti mayunitsi asamadulidwe popanda chilolezo cha mwini foni. Lamulo la Communications Act la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund lothandiza madera amene makampani saonamo phindu, ndiye tchulani dzina la dera limene likufunika nsanja, monga Thavite kapena Lifuwu ngati kope lanu likutero.

Dandaulo la inu nokha, monga bandulo imene munalipira koma sinalowe, musaliike m'kalatayi. Limayambira ku kampani, kenaka ku MACRA ngati sanakuthandizeni. Kalata ya maganizoyi imalemera mukailemba ngati gulu: komiti ya msika wa Kamuzu Road, aphunzitsi a sekondale, ogulitsa usipa, aliyense ndi kope lake la masiku 7, nkusainira pamodzi.