Sikani ya mutu ndi mtima kwa amai apakati, obereka kumene ndi makanda: malangizo kwa wodwala ndi acibale

Malangizo awa ndi a mai amene dokotala wamulembera sikani ya mutu, ya mtima kapena ya mitsempha ali ndi pakati kapena atangobereka, ndiponso a makolo amene khanda lao lifunika kujambulidwa. Werengani pamodzi ndi amene amakuperekezani kucipatala, cifukwa pa tsiku la vuto iwo ndiwo adzayankha mafunso ngati inu mwalephera kukamba. Za kubweretsa khadi la kucipimo, kalata ya dokotala ndi mankhwala amene mukumwa, mukuzidziwa kale.

Cifukwa cake sikani ya mutu imafulumizidwa

Mai akakhala ndi pakati, magazi m'thupi amaonjezeka ndi 40 mpaka 50 peresenti, mtima umagwira nchito yaikulu kuposa kale, ndipo magazi amaundana msanga pokonzekera kuti asadzataike kwambiri pobereka. Kusintha kumeneku ndi kwacibadwa, koma kumatsegulanso mpata wa sitiroko. Mwa amai apakati 100,000, pafupifupi 30 amadwala sitiroko. Si ambiri, komabe nambala imeneyi ndi yaikulu pafupifupi katatu poyerekeza ndi ya anzao a msinkhu umodzi amene alibe pakati. Nthawi yoopsa kwambiri ndi miyezi 3 yothera, masiku obereka, ndi milungu 6 yoyamba mwana atabadwa. Milungu 6 imeneyi ndiyo ambiri amaiiwala. Mai watuluka m'cipatala, maso a onse ali pa khanda, mutu ukamupweteka amati ndi kusagona cabe.

Sitiroko ili mitundu iwiri. Wina umabwera mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka ndi magazi oundana, wina mtsempha ukaphulika magazi n'kutaikira mkati. Poyang'ana wodwala ndi maso, mitundu iwiriyi imafanana, koma mankhwala ake ndi otsutsana. Mankhwala osungunula magazi amapulumutsa pa mtundu woyamba ndipo angaphe pa waciwiri. Cimene cimasiyanitsa ndi cithunzi basi. N'cifukwa cake musamupatse wodwala asipirini kunyumba, ndipo musamumwetse madzi kapena kumudyetsa asanapimidwe, popeza angatsamwe.

Thamangirani kucipatala ngati pakamwa papotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, mau akutuluka mosamveka, maso acita cidima kapena akuona zinthu ziwiriziwiri, mai wagwa n'kumagwedezeka ngati wa khunyu, kapena mutu wayamba kupweteka koopsa m'kanthawi kocepa. Yang'anani wochi, mukumbukire nthawi imene munamuona ali bwino komaliza. Funso limeneli adzakufunsani, cifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka, ndipo kucotsa magaziwo ndi kacubu kolowetsa mu mtsempha kumatheka kwa odwala ena mpaka maola 24. Kukhala ndi pakati pakokha sikuletsa cithandizo cimeneci; madokotala amaona mai aliyense payekha. Ngati BP yafika 140/90 pakati patapitirira milungu 20, mwina ndi pre-eclampsia, matenda a BP amene amabwera ndi pakati ndipo angayambe ngakhale mwana atabadwa kale. Ikafika 160/110 musadikire kuti kuce.

CT

Makina a CT amajambula ndi ceza ca X-ray. Wodwala amagona cagada, bedi imalowa m'cibowo cacifupi, ndipo zonse zimatha m'mphindi zocepa. Amaonetsa msanga ngati magazi ataikira mu ubongo, ndiye kawirikawiri ndiwo amayamba.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amaima n'kuyamba kukambirana, kuopa kuti ceza cipweteka mwana m'mimba. Mantha ndi omveka, koma onani manambala. Ceza cimayezedwa mu mGy. Pa CT ya mutu, cimene cimafika kwa mwana sicipitirira 0.01 mGy, popeza mutu uli kutali ndi ciberekero. Pansi pa 50 mGy sikunapezeke kuti ceza cimapititsa padera kapena kupundula mwana, ndipo mwana aliyense amalandira pafupifupi 1 mGy kucokera m'nthaka ndi mumlengalenga pa miyezi 9 ali m'mimba. Conco kukana CT ya mutu sikumuteteza mwana ku ciliconse, kumangodya nthawi ya mai, ndipo moyo wa mwanayo uli pa mai yemweyo. Uzani ojambula kuti muli ndi pakati, kapena kuti mukukaikira, kuti acune makina moyenera. Akapanda kukuphimbani pamimba ndi covala colemera ca mtovu musadabwe, zipatala zambiri zinasiya kutero pa sikani ya mutu.

MRI

MRI siigwiritsa nchito ceza ca X-ray. Imagwira nchito ndi maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi, ndipo imaonetsa mbali ya ubongo imene yasowa magazi msanga kuposa CT. Kupima kumatenga mphindi 20 mpaka 45.

Wodwala ayenera kuvula zinthu zonse zacitsulo asanalowe m'cipinda. Wodwala ayenera kudziwitsa ogwira nchito ngati ali ndi kacipangizo koyendetsa mtima, kacipangizo kothandiza kumva koikidwa mkati mwa khutu, kacitsulo kopanira mtsempha wa mu ubongo, kapena zidutswa za citsulo m'thupi, makamaka m'diso. Maginito amakhala oyaka nthawi zonse, ngakhale pamene sakujambula. Lamuloli likhudzanso woperekeza.

Zimene anthu amaiwala ndi tizinthu tating'ono: mapini a m'tsitsi, waya wa mu bra, ndalama zacitsulo m'thumba, makadi a banki. Makina amacita phokoso lalikulu, amakupatsani zotseka m'makutu, ndipo amakupatsani kabelu kofinya m'manja ngati mufuna kuti aime. Kugwedezeka pang'ono kumaononga cithunzi n'kucititsa kuti ayambirenso, conco pitani kucimbudzi musanalowe. Ngati pakati papitirira milungu 20, musagone cagada nthawi yaitali, cifukwa ciberekero cimapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima. Mumayamba kumva cizungulire, mseru ndi thukuta. Pemphani pilo aike pansi pa ciuno ca kumanja kuti mupendekere kumanzere, musadikire kuti akumbukire okha.

Mankhwala oonetsa mitsempha

Nthawi zina amabaya mankhwala mu mtsempha wa pamkono kuti njira za magazi zioneke bwino pa cithunzi. Si mankhwala ociritsa, ndipo amatuluka ndi mkodzo. Ali mitundu iwiri, ndipo malamulo ake ndi osiyana. Wa pa CT uli ndi ayodini. Umaloledwa kwa mai wapakati ngati ukufunikadi. Ukamalowa mumamva kutentha thupi lonse, m'kamwa mumakoma citsulo, ndipo ambiri amamva ngati adzikodzera pamene sanatero, zimatha m'kamphindi. Nenani ngati muli ndi vuto la impso, asima, ngati mumamwa mankhwala a shuga a metformin, kapena ngati munatupapo ndi kuyabwa mutabaidwa mankhwala otere.

Wa pa MRI ndi gadolinium. Umenewu umadutsa pa nsengwa n'kufika kwa mwana, ndipo umapewedwa pa nthawi yonse ya pakati kupatula pamene palibe njira ina. Kafukufuku wa ku Ontario, Canada, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti ana obadwa akufa kapena omwalira atangobadwa anali oculuka pakati pa amai amene anabaidwa gadolinium, pamene MRI yopanda mankhwalawa m'miyezi 3 yoyamba siinaonetse ngozi. Mwai wake, mitsempha ya mu ubongo imajambulika pa MRI popanda kubaya ciliconse. Kwa mai woyamwitsa, mankhwala onse awiriwa amalowa mu mkaka pang'ono kwambiri, ndipo palibe cifukwa cosiyira kuyamwitsa. Amai ena amauzidwabe kuti afinye mkaka n'kutaya tsiku lonse. Ameneo ndi malangizo akale.

Mutu umene sukusiya pambuyo pobereka

Pali sitiroko ina imene imazemba. Magazi amaundana m'mitsempha yobweza magazi kucokera ku ubongo, makamaka m'milungu yoyamba mai atabereka. Mutu umayamba pang'onopang'ono, umakula tsiku ndi tsiku, umanyanya mukagona pansi kapena mukatsokomola, kenako pangabwere kusanza, kusaona bwino kapena kugwa. CT wamba ingatuluke yabwino pamene vutoli lilipo. Ngati anakubwezani kunyumba ndi mapanado koma mutu ukukulirakulira, bwererani, nenani momveka kuti mwabereka posacedwa, ndipo funsani ngati mitsempha yobweza magazi inajambulidwa. Sikani yake pa fomu amalemba MRV kapena CTV. Vutoli likapezeka msanga limacizika ndi jekeseni woletsa magazi kuundana wa heparin, amene safika kwa mwana m'mimba ndipo saletsa kuyamwitsa.

Eko ya mtima ndi sikani ya mwendo

Eko ndi sikani yofanana ndi ya mimba imene mukuidziwa, yogwiritsa nchito mafunde a mau, kungoti amaika pacifuwa. Ilibe ceza, siipweteka, ingabwerezedwe kangati konse. Imaonetsa mavavu a mtima, makamaka amene anaonongeka paubwana ndi matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi, amene kawirikawiri amadziwika koyamba mai akatenga pakati. Imaonetsanso mphamvu ya mtima. Pa lipoti mudzaona zilembo EF ndi nambala, kutanthauza gawo la magazi amene mtima umakankha pa kugunda kulikonse. Mtima wabwino umakankha 55 mpaka 70 peresenti. Ikatsika pansi pa 45 kumapeto kwa pakati kapena m'miyezi yotsatira kubereka, popanda cifukwa cina, ndiye kufooka kwa mtima kobwera ndi ucembere. Kuvuta kwake n'kwakuti kupuma movutikira ndi kutupa mapazi aliyense amati ndi pakati. Koma kulephera kugona popanda mapilo angapo, kudzidzimuka usiku mpweya utakutherani, kapena kutsokomola mukangogona pansi, zimenezo zifunika eko.

Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, kawirikawiri wa kumanzere, amajambula mitsempha yake ndi Doppler, njira yoonetsa ngati magazi akuyenda. Musausisite mwendowo.

Mtima wa mwana umaonedwa pa sikani ya milungu 18 mpaka 22. Pafupifupi mwana mmodzi mwa 100 amabadwa ndi vuto la kapangidwe ka mtima, ndipo ngati mai ali ndi shuga kapena vutoli lili m'banja, angalemberedwe eko yapadera ya mwana ali m'mimba.

Khanda

Ambiri amadabwa kumva kuti khanda lingadwale sitiroko. Zimacitika kwa pafupifupi khanda limodzi mwa 2,500 mpaka 4,000, ndipo nthawi zambiri amakhala mwana wobadwa pa nthawi yake, wooneka wathanzi. Pakamwa sipapotoka monga mwa wamkulu. Cizindikiro cacikulu ndi kugwedezeka kwa mkono kapena mwendo umodzi mobwerezabwereza m'masiku 3 oyamba, kapena kusiya kupuma kwa kanthawi, kugona kosadzuka ndi kukana bere. Makanda ambiri amanjenjemera akadzidzimuka, ndipo palibe vuto. Gwirani kamkonoko mofatsa: kunjenjemera wamba kumasiya, pamene kwa matenda kumapitiriza, mumakumva kukugunda m'manja mwanu. Mukatha, jambulani vidiyo pa foni, cifukwa dokotala akamafika zimakhala zitasiya.

Coyamba amajambula ubongo poika kacipangizo ka sikani pa liwombo, limene limakhala ngati zenera popeza mafupa sanalumikizane. Zimacitikira pa bedi pomwepo. Kwa ana obadwa milungu 32 isanakwane sikaniyi ndi ya onse, cifukwa timitsempha tao timaphulika msanga, ndipo kutaika kwa magazi kumalembedwa m'magiredi 1 mpaka 4. Komabe sikani ya pa liwombo ingaphonye sitiroko, makamaka m'masiku oyamba, ndiye MRI ndiyo imatsimikiza. Makanda ambiri safuna mankhwala ogoneka. Funsani anamwino nthawi yoti mumuyamwitse kuti akhute atatsala pang'ono kulowa, amukulunge bwino, amutseke m'makutu, agone tulo popanda mankhwala. Muvekeni zovala zopanda mabatani acitsulo kapena zipi.

Kumene amapima mpweya wa m'magazi a khanda patapita maola 24, amamangirira kacipangizo kowala pa dzanja la kumanja ndi pa phazi. Nambala ikakhala pansi pa 95, kapena dzanja ndi phazi zikasiyana kwambiri, amapimanso, ndipo zikapitirira amajambula mtima ndi eko. Jekeseni wa vitamini K wa pobadwa musamukane, amateteza kutaika kwa magazi mu ubongo.

Sitiroko ya khanda kawirikawiri siibwereranso, ndipo nthawi zambiri palibe cimene mai anacita kapena kulephera kucita kuti ibwere. Makanda ena samaonetsa ciliconse pobadwa, vuto limaoneka pa miyezi 4 mpaka 6: mwana amagwira zinthu ndi dzanja limodzi lokha, linalo lili cifumbatire. Mwana wosakwana caka sayenera kukhala ndi dzanja lokonda, conco musangoti adzakhala wamanzere, kamuonetseni, popeza mafizo oyamba msanga amathandiza kwambiri. Sungani lipoti ndi zithunzi zonse, za mai ndi za mwana, ndipo mudzazionetse pa ulendo woyamba wa kucipimo mukadzatenganso pakati.