Kulongedza njere, mizu ndi mbande paulendo wautali: njira ya Robert Fortune ndi bokosi la Ward

Otolera zomera a zaka za m'ma 1800 sankavutika kwenikweni kupeza chomera chachilendo. Vuto linali kuchifikitsa chamoyo pambuyo pa miyezi inayi kapena isanu pa sitima ya pamadzi, pomwe madzi abwino ankachita kuyeza, mphepo ili ndi mchere, makoswe ali yakaliyakali. Robert Fortune wa ku Scotland, yemwe anapita ku China mu 1843 atatumidwa ndi bungwe loona za ulimi wa maluwa ndi zipatso la Horticultural Society ku London, n'kubwereranso mu 1848 kukatengera tiyi kampani ya ku Britain ya East India Company, ndiye anaikonza bwino ntchitoyi. Njira yake imagwirabe mpaka lero, ndipo yonse yagona pa chinyontho: zina zimafa zikanyowa, zina zimafa zikauma.

Choncho musanalongedze kalikonse, gawani katundu patatu: njere zolola kuuma, njere zokana kuuma, ndi mizu kapena mbande.

Njere zolola kuuma, monga za maluwa ambiri, za udzu ndi za mitengo ya paini, n'zosavuta. Tolani zokhwima, kunja kuli kouma. Chotsani mnofu wonse wa chipatso chifukwa ndiwo umayambitsa nkhungu, tayani zobooka ndi tizilombo, ziyanikeni pamthunzi podutsa mphepo kwa sabata imodzi kapena awiri. Ikani m'timapaketi ta pepala, mtundu uliwonse pawokha. Njere yosaumitsitsa mukaitsekera m'chitini imatuluka thukuta n'kuchita nkhungu masiku owerengeka.

Njere za tiyi, za rabala ndi zina zikuluzikulu zamafuta ndi nkhani ina. Zikangouma, kamoyo ka m'kati kamafa, ngakhale kunja zikuoneka zabwinobwino. Mu 1876 Henry Wickham anafikitsa njere za rabala pafupifupi 70,000 kuchokera ku Brazil kupita ku munda wa Kew ku London, koma zomera sizinakwane 3,000. Nayenso Fortune, njere za tiyi zimene ankatumiza ku India m'matumba ndi m'mapepala zinkafika zambiri zitafa. Yankho lake linali losavuta koma lanzeru: kuzifesa m'bokosi lagalasi kuti zimerere m'njira.

Bokosilo analitulukira Nathaniel Bagshaw Ward, dokotala wa ku London. Mu 1829 anaona kuti timbewu tamera tokha m'botolo lotseka mmene munali dothi lonyowa, ndipo tinkakula popanda wothirira. Dzuwa likawomba, madzi a m'dothi amakwera ngati nthunzi, amagunda galasi, usiku n'kutsetserekeranso m'dothi momwemo. Mu 1833 anatumiza mabokosi awiri ku Sydney ndipo zomera zinafika zamoyo. Mabokosi omwewo anabwerera ku London ndi zomera za ku Australia, atadutsa m'chisanu cha ku Cape Horn, kumwera kwenikweni kwa South America, ndi m'kutentha kwa pakati pa dziko.

Pokhoma bokosi, sankhani matabwa ouma bwino, okhuthala masentimita awiri kapena atatu. Thabwa laliwisi limapindika likauma, mpata n'kutseguka, mpweya wamchere n'kulowa. Kukula kwake kukhale koti anthu awiri anyamule lili ndi dothi: mita imodzi m'litali, theka la mita m'lifupi. Denga likhale lotsetsereka mbali ziwiri, lagalasi, mbali imodzi yotheka kuchotsa. Musaike galasi limodzi lalikulu; timagalasi ting'onoting'ono ndi tolimba, ndipo kamodzi kakasweka n'kosavuta kusintha. Pamwamba pa galasi khomani timatabwa topyapyala motalikirana, kapena waya, kuti chingwe kapena chitsulo chikagwa chisaswe. Pansi ikani timiyendo tokweza bokosi masentimita khumi kapena kuposerapo, chifukwa amalinyero ankatsuka sitima m'mawa uliwonse ndi madzi a m'nyanja. Mbali zonse zikhale ndi zogwirira zolimba.

M'kati yalani timiyala kapena mapale ophwanya, ndipo pamwamba pake thirani dothi lopepuka lokuya masentimita 20 mpaka 25. Manyowa aawisi ayi, amawola n'kutentha mizu.

Mbande muziwokere m'bokosi kudakali masabata awiri kapena kuposerapo ulendo usanayambe, denga lili lotsegula, kuti mizu igwire. Chomera chozulidwa dzulo n'kutsekeredwa lero nthawi zambiri chimayoyola masamba, ndipo masamba akugwawo ndiwo amawoletsa zinzake. Zazitali ziikeni pakati pomwe denga lakwera, ndipo masamba asakhudze galasi.

Tsopano kafesedwe ka Fortune. Iye anawokera timitengo ta mabulosi m'bokosi n'kuthirira. Patapita masiku angapo, dothi litayamba kuuma pamwamba, anawaza njere za tiyi zambirimbiri pakati pa timitengoto, n'kuzikwirira ndi dothi lokhuthala sentimita imodzi ndi pang'ono. Anawazapo madzi, kenako anakhoma timatabwa mopingasa pamwamba pa dothi. Timatabwa timeneti musatiiwale: sitima ikamapendekeka, kapena onyamula akalitembenuza bokosi pa doko, dothi lopanda chogwira limagumukira mbali imodzi n'kufukula njere zonse. Bokosilo litatsegulidwa ku Calcutta, ku India, njere zinali zitamera mothithikana. Pofika 1851 anali atafikitsa mbande za tiyi zikwizikwi ku minda ya m'mphepete mwa mapiri a Himalaya, pamodzi ndi akatswiri a ku China odziwa kukonza masamba.

Pa madzi ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Thirirani mokwanira kamodzi, lekani madzi otsala atsike, dikirani masamba aume, ndiyeno tsekani. Finyani dothi m'manja: liumbike koma lisadonthe. Likadontha, bokosi lonse likhala nkhungu yokhayokha lisanathe mwezi. Mukatseka, matani mipata yonse ndi phala lomatira magalasi kapena phula. Kuyesa kwake ndi m'mawa: galasi likhale ndi timadontho m'kati. Likakhala louma gwa masiku angapo, pali potulukira mpweya. Pezani mpatawo, onjezani madzi pang'ono, matani. Apo ayi, musatsegule. Chidwi chofuna kusuzumira chikhoza kupha zomera.

Pa sitima bokosi likhale panja, pamalo okwera chakumbuyo, poti kuwala kufike koma mafunde asafike, lomangidwa zolimba. Likalowa m'chipinda cha katundu chamdima, zomera zimayezuka, zimatalika monyozoloka, n'kufa.

Mizu yosunga chakudya ndi ya mtundu wa anyezi sifuna galasi. Ikumbeni masamba atafota okha, chomera chitagona. Yokumbidwa chikadali ndi maluwa imakhala isanadzaze ndipo imanyala m'njira. Sansani dothi koma musatsuke. Yotemeka ndi khasu ipatuleni, kapena pakani makala osinja pabala n'kudikira liume. Ikauma khungu, iyaleni m'bokosi la matabwa mumchenga wouma kapena utuchi, umodzi usakhudzane ndi unzake, ndipo dzazani bokosi mpaka pamwamba kuti isagubuduke. Mizu ya ulusiulusi yosapirira kuuma ikulungeni m'ndere zonyowa pang'ono, zofinyidwa bwino.

Chilichonse chikhale ndi nambala. Inki imasungunuka m'chinyontho, n'chifukwa chake akale ankadinda manambala pa tizitsulo tofewa n'kumangirira ku chomera, ndipo m'kabuku ankalemba malo, tsiku, mtundu wa dothi, ndi ngati chomeracho chinali pamthunzi kapena padzuwa. Bokosi likafika, litsegulireni pamthunzi, pang'onopang'ono kwa masiku angapo, chifukwa masamba okulira m'chinyezi amapsa msanga ndi mphepo.

Mbali imodzi ya ntchito ya Fortune siyotengera. Iye analowa m'madera a tiyi oletsedwa kwa alendo atameta ndi kuvala ngati munthu wa ku China, ndipo dothi la m'mabokosi oterewa linkanyamulanso tizilombo ndi matenda kupita kumayiko ena. Lero kudutsitsa njere kapena mizu pamalire kumafuna chilolezo cha dziko lomwe mwatolako ndi kalata yotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo mayiko ambiri salola dothi kulowa ngakhale pang'ono.