Kugulitsa nyumba ku England nyengo ya Khirisimasi

Jambulitsani zithunzi za nyumba musanapachike timagetsi ndi zokongoletsa za Khirisimasi. Ikafika Febuluwale isanagulidwe, zokongoletsa zooneka pazithunzizo zimaulula kuti yakhalitsa pamsika, ndipo ogula amayamba kunenerera kwambiri.

Pofika pa 26 Disembala nyumba ikhale ili kale pa Rightmove kapena Zoopla, mawebusaiti otsatsirapo nyumba. Tsikuli anthu ambiri amakhala pa tchuthi, foni kumanja, akusakasaka nyumba.

Odzaona nyumba muziwaitana pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, poti ku London dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Yatsani heating (zotenthetsera m'nyumba) kutatsala ola limodzi kuti afike, ndipo pukutani madzi amene amachita mame pamagalasi a mawindo. Musanyozere zimenezi: wogula akaona madzi akuyenderera pawindo, maganizo ake amathamangira ku chinyontho cha m'makoma. Panjira yolowera wazanipo mchere kuti pasaterere chifukwa cha madzi oundana.

Ngati m'nyumbamo simukukhala munthu, heating isiyeni pa 12°C, apo ayi madzi amaundana n'kuphulitsa mapaipi. Tsiku lopereka makiyi lisagwere pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, chifukwa maloya ambiri amakhala atatseka.