Kusamutsa Madzi a Mumgolo ndi Paipi Popanda Pampu

Mipopi ikauma, monga zimachitikira kawirikawiri muno mu Johannesburg, paipi yothirira maluwa imathandiza kwambiri. Ikani mgolo pamalo okwera, dzazani paipi yonse ndi madzi n'kutseka mbali zonse ziwiri ndi zala, kenako viikani mbali imodzi mumgolomo ndipo inayo muitsitsire m'ndowa yomwe ili pansi musanachotse chala. Mphamvu yokokera zinthu pansi imatsitsa madzi a mbali yotsikira m'ndowayo, pamene mpweya wopanikiza madzi a mumgolo umakankhira ena m'paipi. Ndowa ikatsika, madzi amathamanga kwambiri, koma kuti liwiro liwirikize kawiri, kutsikako kuyenera kuwirikiza kanayi. Popeza mzinda uno ndi wokwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja, mpweya wake supanikiza kwambiri, choncho paipi isakwere kupitirira mamita 8 pamwamba pa madziwo.