Momwe mungasankhire kiti yabwino ya pikapu yomanga nokha

Amene tinakula tikupinda waya kupanga magalimoto tikudziwa kuti pikapu ndiyo inkakoma kupanga. Ukangomaliza mutu ndi kumbuyo kolongeza timiyala, basi matola ayambika pabwalo. Kiti ya pulasitiki ndi ntchito yomweyo, kungoti zidutswa zimabwera zoumbidwa kale m'bokosi, zitagwirana pa timafelemu, ndipo inu mumadula, kumata ndi kupenta mpaka patatuluka galimoto yofanana ndendende ndi yeniyeni. Povuta ndi posankha. Bokosi lililonse lili ndi chithunzi chokongola pamwamba, koma chithunzicho sichikuuzani ngati zidutswa za m'katimo zidzalowana bwino kapena zidzakuliritsani.

1. Yambani ndi manambala a pabokosi

Mukaona 1/24, ndiye kuti galimoto yeniyeni yachepetsedwa ka 24. Pikapu yotalika mamita 5 idzatuluka pafupifupi masentimita 21, yokwana bwino pashelefu. Makampani a ku Japan monga Aoshima ndi Hasegawa amakonda 1/24, pomwe a ku America monga AMT, MPC ndi Moebius amakonda 1/25. Kusiyana kwake n'kochepa moti mukaziimika pamodzi mlendo sangazindikire. Pali 1/35 imene nthawi zambiri imakhala ya magalimoto ankhondo, koma tizidutswa take n'tating'ono kwa munthu woyamba kumene.

Chenjerani ndi 1/10. Imeneyo kawirikawiri ndi galimoto yoyenda ndi rimoti, monga Hilux High-Lift ya Tamiya. Ndi masewera ena, ofuna batire, mota ndi ndalama zambiri. Ngati mukufuna yongoika pashelefu, ilambalaleni.

2. Sankhani galimoto imene mumaidziwa

Apa ndiye ndimatsutsana ndi anzanga amene amathamangira Ford ndi Chevrolet zakale chifukwa cha kukongola. Zilipodi zabwino, monga Chevrolet 3100 ya 1950 ya AMT ndi Chevy Fleetside ya 1966 ya Revell. Koma pa kiti yoyamba, galimoto imene munaikwerapo imakuthandizani. Mukudziwa mtundu wa mipando yake, pomwe dzimbiri limayambira, ndi mmene fumbi limakhalira m'munsi mwa zitseko. Mukasokonezeka, mumangopita pomwe yaima n'kukasuzumira.

Aoshima ili ndi Toyota Hilux zingapo za 1/24, kuphatikizapo ya makebu awiri ya 1994 yokwezedwa pa matayala akuluakulu, komanso Datsun 720. Hasegawa ili ndi Nissan Sunny Truck, imene ndi m'bale wake wa Nissan 1400 ija inkapangidwa ku South Africa mpaka 2008. Kutsogolo ndi denga zimasiyanako pang'ono, koma aliyense amene anakwerapo 1400 akaiona amaizindikira. Ubwino wina wa makiti a magalimoto a ku Japan ndi woti chiwongolero nthawi zambiri chimakhala kumanja ngati kwathu kuno, pomwe a ku America chimakhala kumanzere.

3. Fufuzani zaka za chikombole chake

Ili ndiye gawo limene ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limasiyanitsa kiti yabwino ndi yozunza. Zidutswa zimaumbidwa m'chikombole chachitsulo, ndipo makampani amagwiritsa ntchito chikombole chimodzi kwa zaka zambirimbiri, n'kumangosintha bokosi. Ford F-100 ya 1953 ya AMT inatuluka koyamba m'zaka za m'ma 1960, koma mutha kuipeza m'bokosi lonyezimira ngati lachaka chino. Chikombole chikatopa, pulasitiki imatayikira m'mbali n'kusiya timapiko topyapyala tofunika kupala, zitseko ndi boneti sizikhala bwino, ndipo mizere ina imafufutika. Katswiri amasangalala kukonza zimenezi. Woyamba kumene amangoganiza kuti manja ake ndi amene ali ndi vuto, n'kuponya bokosilo pansi pa bedi.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Lowani pa Scalemates, tsamba la pa intaneti losunga mbiri ya makiti, lembani dzina la kiti kapena nambala yake, ndipo muona mndandanda wa zaka zonse zimene inatuluka kuyambira chikombole choyamba. Kenako pitani pa YouTube mukaone munthu akutsegula bokosi lomwelo. Musamangomvera zimene akunena, yang'anani m'mbali mwa zidutswa ngati muli moyera. Makiti a Ford F-100 a Moebius ndi a zikombole za m'zaka za m'ma 2010, ndipo Sunny Truck ya Hasegawa nayonso si yakale.

4. Injini mukuifuna kapena ayi?

Makiti ambiri a ku Japan alibe injini. Boneti ndi yotseka, pansi pamangooneka chithunzithunzi cha injiniyo. Azungu amati curbside, kutanthauza galimoto monga mmene mungaionere itaima m'mphepete mwa msewu. A ku America ambiri amakhala ndi injini yonse, shafuti, masipuling'i ndi ekizozi, chilichonse pachokha. Mukafuna kuphunzira mmene galimoto imalumikizirana, n'zokoma. Koma zidutswa zikachuluka, mpata wolakwitsa umachulukanso, ndipo chesisi ikapindika pang'ono pokha, tayala limodzi limatsala m'malere. Ine ndimati kiti yoyamba ikhale yopanda injini, nthawi yanu ithere pa penti, poti ndi imene anthu amayamba kuona.

Onaninso nambala ya kuvuta kwake. Revell imalemba kuyambira 1 mpaka 5, AMT kuyambira 1 mpaka 3. Ya 1 nthawi zambiri ndi yongolowetsa popanda guluu, yabwino kwa mwana.

5. Samalani ndi makiti ogula kwa munthu

Kiti yokhalitsa m'nyumba mwa munthu imatchipa, koma funsani zithunzi za m'kati musanalipire. Ine ndinagulapo ina pa intaneti, mwini wake atanditsimikizira kuti sanaikhudze. Zoonadi sanaikhudze, koma tayala limodzi linali litagona pagalasi lakutsogolo kwa zaka, ndipo labala inadya galasilo n'kusiya chidindo chozungulira chosachoka ngakhale ndi sandipepa. Masitika ake, amene amayamba aviikidwa m'madzi asanamatidwe, nawonso anali atasanduka achikasu, ndipo nditangowaviika m'madzi anayoyoka ngati tsamba louma. Funsani ngati timatumba ta pulasitiki tili chitsekere, ngati magalasi ali m'kathumba kawokawo, ndiponso ngati pepala la malangizo lilimo.

6. Werengerani mtengo wonse, osati wa bokosi lokha

M'bokosi nthawi zambiri simukhala guluu kapena penti. Mudzafuna guluu wa pulasitiki amene amasungunula zidutswa kuti zigwirane, monga Tamiya Extra Thin Cement. Supa guluu wa pagolosale musamuyandikize ku magalasi, amawachititsa chifunga choyera. Chowengera zikhadabo chimadula bwino zidutswa pa felemu, ndipo lezala imathandiza kupala zonyezimira pamalo omata, chifukwa guluu sagwira pa kuromu.

Ngati mukuitanitsa kunja, dziwani kuti penti ya m'zitini zopopera ndi guluu wamadzimadzi ndi zoyaka, choncho ogulitsa ambiri amakana kuzitumiza pa ndege. Amene muli ndi m'bale wochokera ku Joni pabasi, mpempheni akutengereni zimenezi ku sitolo za makiti za kumeneko. Mumuuze kuti bokosi aliike pamwamba m'chikwama, chifukwa tizipilala togwira denga la kebu ndi topyapyala ndipo timathyoka tikapanikizika. Onjezeraninso ndalama yotumizira ndi msonkho, zimene nthawi zina zimayandikira mtengo wa kiti yomwe.

7. Likafika, litseguleni tsiku lomwelo

Yalani mafelemu onse patebulo n'kuwayerekeza ndi chithunzi cha pa pepala la malangizo, chifukwa felemu iliyonse ili ndi chilembo chake. Ikani kebu ndi bodi ya kumbuyo patebulo losalala muone ngati ngodya zonse zinayi zikukhudza pansi. Matayala achotseni muwaike m'kathumba kapadera. Ngati simukuyamba msanga, musasunge bokosilo pamwamba pa kabati pafupi ndi malata kapena pawindo, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kumatha kupinda chesisi musanadule n'chidutswa chimodzi chomwe.