Ashoka wa amayi aku India si uja wa kumpanda kwanu

Amayi angapo andifunsa za mtengo wa ashoka atawerenga pa Facebook kuti umathandiza msambo, ndiye ndati ndifotokoze pano kamodzi basi wina asanakasende khungwa la mtengo wolakwika.

Ku India asing'anga a Ayurveda, njira yamakolo yochiritsira ya kumeneko, akhala akugwiritsa ntchito ashoka weniweni, amene dzina lake la sayansi ndi Saraca asoca, kuyambira kalekale, dzina loti ashoka m'chi Sanskrit, chiyankhulo chakale cha ku India, limatanthauza wopanda chisoni. Chimene amafuna kwambiri ndi khungwa. Ena amaliwiritsa mu mkaka wosakaniza ndi madzi, koma mankhwala otchuka ndi Ashokarishta, amawiritsa khungwa kenako n'kuthira shuga wosayeretsa wa nzimbe ndi maluwa a chitsamba chotchedwa dhataki n'kusiya kuti zisase masabata angapo, ndiye muli kamowa pang'ono. Amapatsa amayi otaya magazi ambiri pa msambo komanso omva kupweteka m'mimba masiku amenewo.

Vuto lili apa. Mtengo wautali uja wowongoka ngati polo, masamba ake opindikapindika m'mbali akulendewera pansi, umene anthu amadzala m'mipanda ndi pa maofesi n'kumautchulanso ashoka, ndi Polyalthia longifolia, mtundu wina kotheratu. Ngakhale ku India komweko ogulitsa ena amasakaniza khungwa lake ndi lenileni chifukwa ashoka weniweni wachepa m'nkhalango za m'mapiri a Western Ghats moti bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linamuika pa mitengo yomwe ili pachiopsezo. Weniweniyo ndi wamfupi, nthambi zotambalala, masamba atsopano amatuluka ofiirira ofewa ngati kansalu konyowa, maluwa ake amabwera m'magulu a olenji n'kumafiira akamakhwima. Wakumpandayo maluwa ake ndi tating'ono tobiriwira, mwina simunawaonepo n'komwe.

Odzala ashoka weniweni amalangizidwa kusenda kachigawo kakang'ono mbali imodzi motsika, osazunguliza thunthu lonse chifukwa ukatero mtengo umauma, ngati mmene timaonongera mitengo kuno pofuna luzi.

Ndipo mukapeza botolo la Ashokarishta pa shopu kaya pa intaneti, oyembekezera asamwe. Amayi amene mukusintha padi ola lililonse, kapena magazi akubwera pakati pa mwezi kaya mutasiya kale kusamba, yambani mwapita kuchipatala akakuyezeni, zimenezi nthawi zina ndi zotupa za m'chiberekero kapena khansa ya khomo la chiberekero, ndipo mukawauze adokotala mankhwala azitsamba alionse amene mukumwa.